Chibadwire Mwana Mkazi Wanga Sakusekanso: Ndi Majini Kapena Matenda?

FUNSO

Assalamu alaikum. Ndine telala, ndimakhala ku Liwonde, ndipo ndakhala pa banja zaka zitatu. Miyezi inayi yapitayo Allah anatipatsa mwana wamwamuna, yemwe ndi woyamba kwa tonsefe. Mkazi wanga anachira bwinobwino kuchipatala, tinachita akika (mwambo wozinga chiweto pothokoza Allah chifukwa cha mwana) pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndipo amayi anga anabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza pa chikuta. Koma chiyambire mwezi wachiwiri, mkazi wanga wasanduka munthu wina. Amangolira popanda chomwe chachitika, nsima amangoilawa, ndipo ngakhale mwana agone iye amakhala maso mpaka azana ya m'bandakucha. Anali munthu wosajomba ku dawa (msonkhano wa chipembedzo) ya amayi, koma tsopano safuna kuonana ndi aliyense, ndipo ngakhale nifasi (nyengo ya magazi a uchembere, pamene mayi saswali) inatha kalekale, swala ikumulemera. Amayi anga akuti ndi ulesi ndi mwano, chifukwa iwo anabereka ana asanu ndi awiri osalirapo. Azilamu anga akuti ndi majini kapena diso la anthu, ndipo tamuwerengera ruqya (mapemphero a machiritso) kawiri popanda kusintha. Apongozi anga aakazi atamva anayamba kukayikira amayi anga, moti pano mabanja awiriwa sakupatsana moni. Inenso tsiku lina ndinapsa mtima n'kumuuza kuti akapitiriza ndimubweza kwawo. Sabata yatha usiku anandiuza kuti mwanayu akanakula bwino iye kulibe. Kodi chikhulupiriro chake chafooka? Nanga Chisilamu chimati ndichite chiyani kuti mtendere ubwerere m'nyumba mwanga?

Bambo wothedwa nzeru, Liwonde

YANKHO

Wa alaikumus salaam, m'bale wanga. Ndiyambira pa mawu amene akazi anu anakuuzani usiku uja, chifukwa ndiwo sangadikire. Mayi akanena kuti mwana wake akanakula bwino iye kulibe, n'kutheka kuti maganizo otaya moyo wake ayamba kumufikira. Khalani nawo pansi muli awiriwiri, ndipo muwafunse modekha koma mosazungulira ngati anaganizapo zodzivulaza. Funso limeneli siliika maganizo oipa mwa munthu. Nthawi zambiri limamupeputsa, chifukwa amaona kuti wina wamva kulira kwake. Chotsani m'nyumba mankhwala oopsa a kumunda ndi ophera makoswe, musawasiye okha nthawi yaitali, ndipo mupite nawo kuchipatala sabata yomwe ino. Akavomera kuti maganizo oterowo alipo, pitani tsiku lomwelo.

Zimene mwalongosolazi zikufanana kwambiri ndi matenda a kukhumudwa amene amagwira amayi ena akabereka, ngakhale kuti wotsimikiza ndi wachipatala amene awaone. Amayi ambiri amalira mosadziwika bwino kuyambira tsiku lachiwiri kapena lachitatu atachira, ndipo zimenezo zimatha zokha pasanathe sabata ziwiri. Koma chisoni chikapitirira sabata ziwiri, n'kuphatikizana ndi kusowa tulo ngakhale mwana atagona, kusafuna chakudya, kudzipatula, ndi kudziona ngati mayi wolephera, amenewo ndi matenda ndithu, ndipo angayambe nthawi ina iliyonse m'chaka choyamba cha mwana, mwinanso mayi akadali woyembekezera. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati amayi pafupifupi 13 mwa 100 aliwonse amene angobereka kumene amavutika maganizo, makamaka ndi kukhumudwa, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerocho chimafika pafupifupi 20 mwa 100. Tangoganizani amayi amene amadzaza benchi pa sikelo ya ana, muona kuti akazi anu sali okha. Nsengwa ikangotuluka, mahomoni amene anali ochuluka m'thupi pa nthawi ya mimba amatsika mwadzidzidzi, ndipo pamwamba pa zimenezo pamabwera kusagona, kuchepa kwa magazi, nkhawa ya ndalama ndi mikangano ya pakhomo. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene mayi amachita kusankha.

Mwafunsa ngati chikhulupiriro chawo chafooka. Tsegulani Qur'an pa Sura Maryam, ndime 23 mpaka 26. Maryam, mkazi amene Allah anamusankha pamwamba pa akazi a zolengedwa zonse, ululu wa kubereka utamufikitsa pa thunthu la mtengo wa tende ali yekhayekha, analakalaka akanafa zimenezi zisanachitike, n'kukhala woiwalika kotheratu. Mawu amenewo analankhula ndi mkazi woyera, ndipo Qur'an sinawabise. Chimene chimandigwira mtima nthawi zonse ndi yankho limene analandira. Sanadzudzulidwe kuti alibe kupirira, sanauzidwenso kuti akuchititsa manyazi. Anauzidwa kuti asadandaule, anasonyezedwa kamtsinje pansi pake, anauzidwa kuti agwedeze thunthu la mtengowo kuti zipatso zakupsa zimugwere, ndipo kenako anauzidwa kuti adye, amwe, ndi kukhazika mtima pansi. Analoledwanso kusalankhula ndi anthu tsiku limenelo. Sindikunena kuti Maryam anadwala matenda amene tikukambawa, koma ndimezi zikutiphunzitsa mmene mayi wosweka mtima pobereka amayenera kusamalidwira: mawu otonthoza, chakudya, madzi, ndi kumutchinjiriza ku malilime a anthu.

Mneneri Yakubu analira mwana wake Yusufu mpaka maso ake anayera ndi chisoni, monga tikuwerengera mu Sura Yusuf, ndime 84, ndipo palibe amene anganene kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ankapempha Allah kuti amuteteze ku nkhawa ndi chisoni, ndipo chaka chimene mkazi wake Khadija ndi Abu Talib, m'bale wa bambo ake, anamwalira chimatchedwa chaka cha chisoni. Swala ikuwalemera akazi anu chifukwa matendawa amalemeretsa chilichonse, ngakhale kusamba kapena kutakasa phala. Kuwakumbutsa za chilango cha wosiya swala pa nthawi ngati ino n'kuwonjezera mwala pa katundu amene akuwakanika kale. Bwanji inuyo muziwayalira mkeka, muwatsogolere swala imodzi mofatsa ndi ma sura aafupi, ndipo ngati thupi lafooka moti sangathe kuimirira, aswali chokhala? Mtumiki mwini wake ankafupikitsa swala ya gulu akamva kulira kwa mwana, poganizira mtima wa mayi wake.

Pa za majini ndi diso, sindikutsutsa zimene chipembedzo chathu chimaphunzitsa, zoti majini alipo ndi kuti diso ndi loona. Koma kukhalapo kwa majini sikutanthauza kuti misozi iliyonse yabwera ndi iwo. Mwana akatentha thupi timamuwerengera duwa uku tikuthamangira kukayezetsa malungo, ndipo palibe amene amationa ngati osakhulupirira. Mtumiki anati Allah sanatsitse nthenda popanda kutsitsanso mankhwala ake, ndipo analamula akapolo a Allah kuti azifuna chithandizo. Ruqya ya mawu a Qur'an ndi maduwa odziwika ipitirire, makamaka yowerengedwa ndi inu mwamuna wawo mwakachetechete, chifukwa imatonthoza mtima. Chimene ndikukuchenjezani ndi anthu amene amamenya wodwala, kumumanga, kumufukiza utsi kapena kumuveka zithumwa ponena kuti akutulutsa jini, komanso amene angakuuzeni kuti musapite kuchipatala. Mayi amene akudziona kale ngati wachabechabe akauzidwa kuti mwa iye muli chiwanda, mantha ake amangowirikiza.

Kuchipatala musachite manyazi kunena zonse. Yambirani kwa anamwino kapena azamba a kumene amapita ku sikelo, ndipo pa chipatala cha boma cha m'boma lanu mufunse za anamwino oona za matenda a maganizo. Anthu ambiri akamva zimenezi amaganiza za chipatala cha ku Zomba n'kuyamba kuopa kuti mkazi wawo atchedwa wamisala, koma amayi ochuluka odwala matendawa amathandizidwa akugona kunyumba kwawo, mwana ali kubere. Achipatala amafunsa mafunso angapo okhudza tulo, chakudya ndi maganizo; ena amagwiritsa ntchito mafunso khumi amene anakonzedwa ku Edinburgh mu 1987, omwe anamasuliridwanso m'Chichewa. Angayezenso magazi, popeza kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimabweretsa kufooka kofanana ndi kumeneku. Chithandizo choyamba nthawi zambiri ndi uphungu wokambirana. Ndondomeko ya uphungu ya Thinking Healthy, imene WHO inafalitsa mu 2015, inayesedwa koyamba m'midzi ya ku Rawalpindi m'dziko la Pakistan, pakati pa mabanja achisilamu ngati lanuli, ndipo ankaipereka ndi amayi ogwira ntchito zaumoyo m'midzi momwemo. Matenda akakula, dokotala amapereka mankhwala, ndipo alipo amene mayi angamwe uku akuyamwitsa, bola adokotala auzidwe kuti pali khanda. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku limodzi. Pamatenga sabata ziwiri mpaka zinayi, mwinanso kuposerapo, kuti kusintha kuoneke, ndipo sayenera kusiyidwa mwadzidzidzi munthu akayamba kupeza bwino.

Tsopano ndibwere kwa inu. Mu Sura Al-Baqara, ndime 233, pamene Allah akunena za kuyamwitsa zaka ziwiri, waika pa bambo udindo wa chakudya ndi zovala za mayi, ndipo wanena momveka kuti mayi asavutitsidwe chifukwa cha mwana wake. Ambiri a ife amuna timaganiza kuti tikasiya ndalama ya ndiwo m'mawa ndiye kuti ndime imeneyi taikwaniritsa. Koma mayi amene sanagone tulo tokwanira kwa miyezi inayi akuvutika chifukwa cha mwana wake, ngakhale ufa utadzaza m'nyumba. Aisha, mkazi wa Mtumiki, atafunsidwa zimene Mtumiki ankachita pakhomo, anayankha kuti ankakhala akutumikira a pabanja pake, ndipo nthawi ya swala ikakwana ankatuluka kukaswali. Choncho kuchapa matewera, kutunga madzi ndi kunyamula mwana usiku akatha kuyamwa kuti mayi ake agone maola anayi kapena asanu osadukiza si kudyetsedwa mankhwala, monga anzanu ena pa msika angakusekereni. Mwa zonse zimene mungachite ndi manja anu, tulo timeneti ndito ndikuona kuti tingawathandize msanga. Ngati n'kotheka, tsekani shopu msanga masiku ena, mudye nawo pamodzi, ndipo akayamba kulira musafulumire kuwalangiza. Khalani pafupi, mumvetsere. Aisha yemweyo ankalamula kuti anthu achisoni aphikiridwe talbina, phala la ufa wa balere, ponena kuti anamva Mtumiki akuti limatonthoza mtima wa wodwala ndi kuchepetsa chisoni. Phala silingalowe m'malo mwa chipatala, koma hadisi imeneyi ikusonyeza kuti kuphikira munthu wachisoni ndi kumukhalira pafupi pamene akudya ndi mbali ya chithandizo.

Pali nkhani ina imene simunailembe koma imasokoneza mabanja ambiri pa nthawi ngati ino, ndiyo ya kuchipinda. Nifasi ikatha, kukhalira pamodzi n'kololedwa, koma matendawa amachotsa chilakolako, ndipo kukana kwa akazi anu sikutanthauza kuti chikondi chatha kapena kuti pali wina. Sura Ar-Rum, ndime 21, imatchula zinthu ziwiri zimene Allah anaika pakati pa mwamuna ndi mkazi, chikondi ndi chifundo. Miyezi ino ndi ya chifundo, ndipo musayerekeze kutchula za mitala monga njira yowaopsezera.

Za amayi anu zikufuna nzeru, chifukwa ali ndi ufulu waukulu pa inu, ndipo Mtumiki anatchula mayi katatu asanatchule bambo. Komabe kulemekeza mayi sikutanthauza kumuvomereza pamene akulakwira munthu wina. Ndikukhulupirira kuti amayi anu sakunama ponena kuti anabereka asanu ndi awiri, koma mwina ena mwa masiku amenewo analira kuseri kwa nkhokwe popanda wowafunsa, chifukwa m'badwo wawo unaphunzitsidwa kuti banja ndi kupirira, ndi kuti mkazi wolimba saonetsa misozi. Kupirira kumene Qur'an imatamanda sikuletsa wodwala kunena kuti akumva kuwawa. Lankhulani nawo panokha, mkazi wanu palibe, ndipo musayambe ndi kuwaimba mlandu. Auzeni kuti mpongozi wawo akudwala matenda odziwika kuchipatala, ndipo ngati angalole, pitani nawo limodzi kuti amve okha kuchokera kwa anamwino, popeza makolo athu amamva msanga mawu a munthu wovala yunifolomu kusiyana ndi a mwana amene anamubereka okha. Kenako apatseni ntchito yooneka: kusambitsa mdzukulu, kumubereka kumsana masana kuti mayi ake agone, kuphika. Gogo amene wapatsidwa mbali pa kuchiritsa sakhala ndi nthawi yambiri yoweruza. Akumbutseni mofatsa mawu a Sura Luqman, ndime 14, akuti mayi amasenza mwana wake mofooka pamwamba pa kufooka. Ndime imeneyo ikunena za iwo, ikunenanso za mpongozi wawo.

Apongozi anu aakazi nawonso akulankhula chifukwa cha mantha, poona mwana wawo akuwonda pakhomo pa eni. Koma kukayikira munthu za ufiti popanda umboni ndi tchimo lalikulu, ndipo Sura Al-Hujurat, ndime 12, imatiuza kupewa zoganizirana zambiri chifukwa zina mwa izo ndi machimo. Njira yothetsera kusamvanaku ilipo kale m'chipembedzo ndi m'mwambo wathu. Sura An-Nisa, ndime 35, imati pakaopedwa kugawanika pakati pa mwamuna ndi mkazi, pasankhidwe woweruza mmodzi wa kuchimuna ndi wina wa kuchikazi, zomwe ndi ntchito imene ankhoswe amagwira. Aitaneni ankhoswe a mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi shehe amene mumamudalira, koma muwauze pasadakhale kuti simukuwaitanira mlandu wa mkazi wosamvera. Akazi anu asaikidwe pakati pa bwalo kuti ayankhe mafunso. Nkhani ikhale yogawana ntchito: ndani akhale ndi mayiyu masana, ndani aperekeze kuchipatala, ndani asamale mwana. Ngati iwo eni akufuna kukapuma kwa amayi awo kwa sabata zingapo, zimenezo zingathandize, bola apite mwa mgwirizano, inu muziwayendera, ndipo chithandizo cha kuchipatala chisaduke.

Mawu amene munalankhula mutapsa mtima, akuti muwabweza kwawo, ayenera kuti akuwalirabe m'makutu usiku uliwonse, chifukwa munthu wodwala matendawa amasunga mawu opweteka n'kuwatenga ngati umboni wakuti ndi wosafunika. Apepeseni momveka, ndipo muwauze kuti simukupita kulikonse. Ngati pa kukalipa kwanuko munatchula talaka (mawu othetsa banja) kapena mawu ofanana nayo, kauzeni shehe wodziwa malamulo mawu enieniwo monga munawanenera ndi chimene munkatanthauza, chifukwa chigamulo chimadalira zimenezo. Inunso mwatopa, ndipo abambo ena amagwidwa ndi kukhumudwa komweku mwana akabadwa, choncho mukapita kuchipatala nenaninso za mmene inuyo mukugonera ndi kudyera.

FUNSO

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo wachiwiriyu ali ndi masiku 45. Magazi a uchembere sanaleke, choncho sindikuswali, ndipo ndikumva ngati ndatalikirana ndi Allah. Choopsa kwambiri n'chakuti nthawi zina ndikanyamula mwana zimandibwerera m'mutu kuti ndimugwetsa, ngakhale ndimamukonda ndipo sindingachite zimenezo. Sindinauze munthu, ngakhale bambo a kunyumba, poopa kuti anditenga ngati mfiti. Kodi ndachimwa?

Mayi wamantha, Nkhotakota

YANKHO

Mchemwali wanga, simunachimwe. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anati Allah wakhululukira anthu ake zimene mitima yawo imawanong'oneza, malinga ngati sanazichite kapena kuzilankhula. Maswahaba ena (anzake a Mtumiki) anabwera kwa iye n'kudandaula kuti amapeza m'mitima mwawo zinthu zimene amaopa ngakhale kuzitchula, ndipo iye anawauza kuti kuzida kwawoko ndicho chikhulupiriro chenicheni. Kuuza mwamuna wanu kapena namwino pofuna thandizo sikuli m'gulu la kulankhula kumene hadisi ija ikunena, popeza wodwala amayenera kulongosola matenda ake. Maganizo obwera okha ngati amenewa amafikira amayi ambiri amene angobereka kumene, ndipo mantha amene mumamva akabwera ndi chizindikiro chakuti mtima wanu sukugwirizana nawo. Kuwabisa ndiko kumawakulitsa. Kawafotokozereni anamwino, makamaka ngati akubwera pafupipafupi, akukulepheretsani kusamala mwana, kapena akubwera pamodzi ndi chisoni chosatha.

Pali vuto lina losiyana ndi lanuli limene achibale ayenera kulidziwa, lomwe limagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000 obereka, nthawi zambiri m'sabata ziwiri zoyambirira. Mayi amasokonezeka mutu, amatha masiku osagona koma osatopa, amamva mawu a anthu amene palibe, kapena amakhulupirira kuti mwanayo si wake kapena kuti walamulidwa kumuchita kanthu. Zikatero ndi zadzidzidzi, ndipo mayi ndi mwana asasiyidwe okha mpaka atafika kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa za nifasi, akuluakulu a malamulo anasiyana maganizo pa malire ake. A Hanafi ndi a Hanbali amati masiku ochuluka kwambiri ndi 40, pamene a Shafi'i, amene Asilamu ambiri kuno kwathu amatsatira, pamodzi ndi a Maliki, amati ndi 60. Ngati mukutsatira a Shafi'i, pa masiku 45 mukadali m'nifasi malinga magazi akutulukabe, ndipo akangoleka, ngakhale masiku amenewo asanakwane, mumasamba n'kuyamba kuswali. Swala zimene zadutsa simudzabweza. Kusala kwa Ramadhani kokha ndiko kumabwezedwa. Kusaswali kwanu pa nthawi ino ndi kumvera lamulo la Allah, ndipo zikiri (kukumbukira Allah potchula dzina lake), duwa ndi kumvetsera Qur'an zonse ndi zotseguka kwa inu, ngakhale pamene mukuyamwitsa pakati pa usiku. Popeza sabata zisanu ndi imodzi zakwana, ino ndi nthawi yomwe amayi amapita kukaonedwanso kuchipatala, choncho kanenenso za magaziwo. Ngati akutuluka ambiri, akununkha, kapena mukumva kutentha thupi ndi chizungulire, musadikire tsiku la sikelo, pitani lero, ndipo apempheni bambo a kunyumba kuti akuperekezeni.